Gulu la WITCH: Nyimbo Zobadwira pa Mgodi

Nkhani yathu ya lero tiiyambira kuno ku Chongwe, m'dziko la Asoli, kum'mawa kwa Lusaka. Ambiri a inu mudziwa kuti bwalo lalikulu la ndeke la dziko lathu liri m'boma lino. Linatsegulidwa m'caka ca 1967, ndipo linapatsidwa dzina la Kenneth Kaunda m'caka ca 2011. Alimi a ku Kasisi anazolowera kuona ndeke zikudutsa pamwamba pa minda yao, kotero kuti sakwezanso mutu, cifukwa pamenepa ndipo pali khomo loturukira anthu a m'Zambia opita kutali. Mmodzi wa anthu otere ndi mkulu wina wa imvi, amene ananyamuka m'caka ca 2017 ulendo wa ku Ulaya kukaimba nyimbo zimene anapeka ali mnyamata. Dzina lace ndi Emmanuel Chanda, koma onse amdziwa ndi dzina lakuti Jagari, ndipo gulu lace la oimba lichedwa WITCH. Mbiri ya gulu limeneli iyendera limodzi ndi mbiri ya mkuwa. Pamene mkuwa unakwera, ilo linakwera, ndipo pamene unagwa, linagwa nao. Cifukwa cace tiganiza kuti inu a ku migodi muyenera kuimva.

Tiyambe ndi wailesi. M'caka ca 1949 kunafika m'dziko muno kawailesi kochipa konga mphika, kamene Azungu anakacha Saucepan Special. Anthu a m'makomboni anatha kukagula, ndipo madzulo anali kusonkhana kumvera Alick Nkhata ndi anzace akuimba kucokera ku nyumba ya mphepo ya ku Lusaka. Ana amene anabadwa masiku amenewo anakula akumva gitala m'nyumba mwao. Pofika tsiku la ufulu, pa 24 October 1964, anawo anali anyamata, ndipo makutu ao anali atayamba kumva zina. Pa wailesi ndi pa mbale za galamafoni panali kumveka The Beatles ndi The Rolling Stones a ku England, pambuyo pace Jimi Hendrix wa ku America. M'caka ca 1970 James Brown anabwera yekha kudzaimba m'Zambia, ndipo acinyamata anaona ndi maso ao momwe munthu mmodzi angagwedezere khamu lonse.

Masiku amenewo mkuwa unali pa mtengo wabwino, ndipo unali kubweretsa pafupi ndalama zonse zimene dziko linali kupeza kunja. Kuyambira m'caka ca 1970 Boma linatenga magawo 51 mwa 100 a migodi. Munthu wa pa mgodi anali kulandira malipiro mwezi ndi mwezi, ndipo akagula ufa ndi ndiwo panali kutsala kangacepe kogulira mbale ya nyimbo kapena kolipira pakhomo pa holo Loweruka madzulo. Makampani a migodi anali atamanga maholo ndi mabwalo a masewera m'makomboni. Tsono oimba anali ndi malo oimbiramo, ndiponso anali ndi anthu otha kuwalipira. Popanda zinthu ziwiri izi nkhani yathu sikadakhalapo.

Emmanuel Chanda anakulira m'komboni ya Chamboli ku Kitwe, pafupi ndi mgodi wa Nkana. Akali pa sukulu anayamba kuimba ndi kubvina m'maholo, ndipo anzace ataona kudumpha kwace anamfanizira ndi Mick Jagger wa The Rolling Stones. Dzina lacilendolo linasanduka Jagari m'kamwa mwa anthu a ku Kitwe. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970 iye analowa m'gulu la anyamata limene poyamba linali kuchedwa Kingston Market. Anzace odziwika a m'gululo anali Chris Mbewe pa gitala yotsogolera, John Muma pa gitala yaciwiri, Gedeon Mulenga pa gitala ya mau akulu, ndi Boidi Sinkala pa ng'oma. Dzina latsopano limene anasankha litanthauza mfiti m'Cingelezi, ndipo akulu ena sanakondwere nalo. Pambuyo pace zilembo zisanu za dzinalo zinapatsidwa tanthauzo lakuti We Intend To Cause Havoc, ndiko kunena kuti alinga kudzetsa cipwirikiti. Cipwirikiti cimene anali kunena cinali ca m'holo yobvinira.

Mungafunse kuti, kodi nyimbo zao zinali zotani? Gitala yamagetsi anali kuipyoletsa m'kabokosi kopondedwa ndi phazi, kamene kacititsa mau ace kusasa ndi kulira ngati macaka a kalipentala. Kaimbidwe aka anakaphunzira kwa oimba a kunja. Koma woomba ng'oma ndi woliza gitala ya mau akulu anali ana a kuno, okulira pakati pa magule a makolo, ndipo mayendedwe a nyimbo anatsata zimene miyendo ya anthu athu izolowera. Mau ambiri anali a Cingelezi, cifukwa pa mgodi pakhala mitundu yonse, Abemba, Alozi, Angoni, Alamba ndi anthu ocokera ku Malawi, ndipo ena anali a Cibemba ndi Cinyanja. Kusakaniza kumeneku ndiko kunachedwa Zamrock. WITCH sinali yokha pa nchitoyi. Kunali Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga, kunali Amanaz ya ku Kitwe komweko, ndipo ku Lusaka kunali Paul Ngozi ndi Ngozi Family, amene anaimba za mabvuto a m'komboni m'Cinyanja ca m'tauni.

Bvuto loyamba linali lakuti m'dziko munalibe makina oumbira mbale. Anyamatawo anajambula nyimbo zao ku Chingola, m'nyumba yojambulira akanema a migodi yochedwa Malachite, ndipo matepi anatengedwa ku Nairobi kuti akaumbidwe mbale. Cimbale coyambaco anacicha Introduction, ndipo anali kucigulitsa okha kulikonse kumene anapita kukaimba. Nchito inapepuka pamene a Edward Khuzwayo a Zambia Music Parlour ndi kampani ya Teal ku Ndola anayamba kusindikiza ndi kugulitsa nyimbo za m'dziko momwe muno. Cimbale ca In the Past cinaturuka m'caka ca 1974. Cotsatira, Lazy Bones!!, cinajambulidwa ku dB Studios mu Lusaka nicituruka m'caka ca 1975, ndipo ndico cinawachukitsa koposa. Lukombo Vibes cinabwera m'caka ca 1976, ndipo m'caka ca 1977 kunaturuka cimbale cokhala ndi nyimbo ya Janet.

Cinthu cina cinawathandiza. Pakati pa zaka zimenezo Pulezidenti Kaunda, amene nayenso anali wokonda gitala, analamula kuti magawo 95 mwa 100 a nyimbo za pa wailesi akhale a m'Zambia. Mwina cimene anali kufuna cinali kutsitsimutsa nyimbo za makolo, koma oulutsa mau anafunika mbale zambiri zodzaza maola onse, ndipo anyamata a magitala ndiwo anali nazo. Motero mau a Jagari anafika ndi kumidzi komwe, kumene gululo silinapondeko. M'matauni maholo anali kudzaza kufikira anthu ena kutsala panja, kuimba kunali kuyamba madzulo ndi kutha usiku wapakati utapitirira, ndipo mbiri yao inaoloka malire kufika ku Malawi ndi ku Botswana.

Koma cakudza siciimba ng'oma. Mtengo wa mafuta unakwera m'caka ca 1973, caka comweco cimene malire a Rhodesia anatsekedwa, ndipo pofika 1975 mtengo wa mkuwa unali utagwa kwambiri. Kwacha inacepa mphamvu, m'masitolo munasowa sopo ndi mafuta ophikira, ndipo munthu woima pa mzere wa ufa saganiza zogula mbale ya nyimbo. Zingwe za gitala ndi zipangizo zina zocokera kunja zinasowanso.

Pamwamba pa umphawi panabwera nkhondo. Dziko lathu linasunga omenyera ufulu a ku Zimbabwe, ndipo asilikari a Rhodesia anayamba kulowa kudzawathira nkhondo kuno. Mu October 1978 anaponya mabomba pa msasa wa Chikumbi kumpoto kwa Lusaka, ndipo m'mwezi womwewo Alick Nkhata uja anaphedwa pa kuukira kwina pafupi ndi Mkushi. Mu November 1979 anaphulitsa milatho ingapo, pamodzi ndi mlatho wa pa mtsinje wa Chongwe pa mseu waukulu wopita kum'mawa, ndipo akulu a kuno akumbukira bwino masiku amenewo. Boma linaika malamulo oletsa kuyenda usiku ndi ozimitsa nyale. Tsono taganizani, gulu la oimba lidya ciani ngati anthu saloledwa kuturuka dzuwa litalowa? Anayesa kuimba masana, koma anthu a nchito sanali kupezeka.

Nthawi imeneyo Jagari anali atacoka m'gulu. Analowa maphunziro pa Evelyn Hone College mu Lusaka, nakhala mphunzitsi wa nyimbo. Anzace anapitiriza, natenga Patrick Mwondela woliza limba lamagetsi, nasintha kaimbidwe kutsata disiko, amene anali atalanda mitima ya acinyamata. Anaturutsa Movin' On m'caka ca 1980 ndi Kuomboka m'caka ca 1984. Koma eni mabawa anaona kuti munthu mmodzi woliza mbale ndi wochipa kuposa oimba asanu, ndipo amene anafuna nyimbo za kwathu anatembenukira ku kalindula. Pakati pa zaka za m'ma 1980 gulu la WITCH linatha.

Tsoka lalikulu linali likudza. Matenda a Edzi anadziwika m'Zambia m'caka ca 1984, ndipo m'caka ca 1987 Pulezidenti Kaunda anauza dziko poyera kuti mwana wace anamwalira nao. Mliriwu unakantha oimba koopsa. Paul Ngozi anamwalira m'caka ca 1989, ndipo anzace a Jagari anai aja anapita mmodzi mmodzi, kufikira iye anatsala yekha mwa oyambitsa gululo. Nchito ya uphunzitsi inathanso. Mwana wa pa mgodi anabwerera ku nchito yokumba, koma tsopano m'maenje aang'ono a kuchire, kufunafuna miyala ya mtengo wapatali ndi piki ndi fosholo kuti adyetse banja lace. Inu amene mutsika pansi tsiku ndi tsiku mudziwa kulemera kwa nchito yotere, makamaka kwa munthu amene wayamba kukalamba.

M'zaka zonsezo mbale zija zinali kuyenda zokha. Anthu a kunja okonda kusonkhanitsa mbale zakale anazipeza m'misika, nazitengera ku Ulaya ndi ku America, kumene zinayamba kugulidwa ndi ndalama zambiri. Bambo wina wa ku Los Angeles, Eothen Alapatt, mwini kampani ya Now-Again, anafunafuna oimba otsala kuti apangane nao mwa cilungamo. M'caka ca 2010 anasindikizanso nyimbo za Rikki Ililonga, ndipo m'caka ca 2012 anaturutsa pamodzi zimbale za WITCH za nthawi ya Jagari. Pambuyo pace Gio Arlotta wa ku Italy anabwera kudzajambula kanema wa moyo wa mkuluyo, amene anaonetsedwa m'caka ca 2019. Iye anabweretsa anyamata awiri a ku Holland, Jacco Gardner woliza gitala ya mau akulu ndi Nic Mauskovic woomba ng'oma, amene anali ataphunzira nyimbozo pa mbale. Jagari ndi Patrick Mwondela anagwirizana nao, ndipo gulu linaukanso. Ndiwo ulendo uja wa 2017 umene tinayamba nao, ndipo pambuyo pace anapita ku America.

Sanakhutire ndi kubwereza zakale. M'caka ca 2023 anaturutsa cimbale catsopano cochedwa Zango, cimene anajambulira ku dB Studios komwe kuja kunabadwira Lazy Bones!! M'cimbaleco munaimbanso Keith Kabwe wa Amanaz, ndi Sampa the Great, mwana wamkazi wa m'Zambia amene wachuka kunja. Oimba akulu a ku America nao anayamba kutapa m'nkhokwe ya Zamrock: Travis Scott anatengako nyimbo ya Amanaz m'caka ca 2023, ndipo Tyler, the Creator anatengako ya Ngozi Family m'caka ca 2024. M'caka ca 2025 WITCH inaturutsa cimbale cina dzina lace Sogolo, ndiko kunena tsogolo monga momwe alichulira anthu a mu Lusaka. Zoonadi, kuona maso a nkhono nkudekha.

Komabe m'nkhani yokondweretsayi muli cotidandaulitsa. Nyimbo izi zinabadwira m'makomboni mwathu, zinalipiridwa ndi thukuta la makolo athu a pa mgodi, koma ife tinaziiwala kufikira alendo anadza kudzatikumbutsa. Mbale zambiri zinasweka, zina ana anaseweretsa, zina zinagulitsidwa pa mtengo wa mtolo wa nkhuni. Mbewe, Muma, Mulenga ndi Sinkala anamwalira osamva kuti maiko akutali akuimba nyimbo zao. Sitingadzudzule makolo athu, pakuti njala ndi maliro zinawapanikiza. Koma ife lero tiribe cowiringula.

Tsono inu akumvera a ku Chamboli, a ku Wusakile, a ku Matero ndi a kuno ku Chongwe, ngati m'sutukesi ya atate anu muli mbale yakale, musaitaye. Ipukuteni, muiimike ciriri pamalo posafika dzuwa, ndipo muuze ana anu maina a amene anaimbamo. Ngati m'komboni mwanu muli mkulu amene anali kuliza gitala masiku amenewo, pitani mukakhale naye pansi mumfunse akali moyo.