Tsiku la Nyimbo pa Wailesi ya ku Lusaka

Pamene Boma la Northern Rhodesia linayamba kuulutsa mau ku Lusaka m'caka ca 1941, silinali ndi mtima wosangalatsa anthu ai. Inali nyengo ya nkhondo, ndipo cofunika cinali kumveketsa mbiri ya asilikali amene anapita kutali. Omvera anali owerengeka, pakuti wailesi cinali cuma ca olemera okha.

Zinthu zinatembenuka m'caka ca 1949. Harry Franklin, mkulu woyang'anira nchito yofalitsa nkhani za Boma, anagwirizana ndi kampani ya Ever Ready ya ku Britain kuti ipange kawailesi kosakwera mtengo. Anakacha Saucepan Special, cifukwa kanali kobulungira ngati sefuliya. Mtengo wace unali mapaundi 5, ndipo batire lace masileni 25. Posacedwa aphunzitsi, akalaliki ndi anyamata a m'migodi anayamba kukagula, ndipo nyumba yokhala nako inasanduka bwalo la mudzi wonse.

Tsiku la Central African Broadcasting Station linali logawana, pakuti Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cilozi, Cishona, Cindebele ndi Cingerezi zonse zinafuna mpata. Panali nkhani za m'maiko, malangizo a ulimi ndi a ukhondo, ndiponso masewero. Akulu a Boma anayesa kuti nyimbo ndi nyambo cabe yokopera anthu ku maphunzirowo. Koma omvera anali ndi maganizo ao. Cimene anali kudikira dzuwa litapendeka ndi "Zimene Mwatifunsa", nthawi yowerenga makalata. Mnyamata wa ku Fort Jameson wogwira nchito ku Nkana kapena ku Wankie ankalemba dzina lace, mudzi wa kwao ndi nyimbo imene afuna, napereka moni kwa amai ace ndi kwa mbeta yace. Kwa nkhalamba yosadziwa kuwerenga, kumva dzina la mwana wace licokera m'sefuliya kunaposa kalata iri yonse. Ena, modabwitsa ndithu, ankapempha nyimbo za Jimmie Rodgers wa ku America, munthu amene anafa kale m'caka ca 1933.

Woimba wokondedwa koposa anali Alick Nkhata, wobadwira ku Kasama m'caka ca 1922, amene anamenya nkhondo ku Burma, nagwirako nchito ndi Hugh Tracey yojambula nyimbo za m'midzi. Iye ankatenga nyimbo za makolo ndi kuziimba pa gitala, naikamo mau onena za moyo wa m'tauni: mowa, zobvala, maukwati osalimba.

Cikondico cinayesedwa pa nthawi ya Federation m'caka ca 1953. Popeza wailesi inali ya Boma, mphekesera zinabuka zakuti oulutsa mau ndi banyama, ogwira anthu usiku, ndipo ena a iwo anayenda ndi mantha m'makomboni momwe nyimbo zao zinali kulira. Nkhata anapirira, natumikirabe wailesi kufikira Zambia italandira ufulu. Anaphedwa pafupi ndi Mkushi mu October 1978, pamene asilikali a Rhodesia anathira nkhondo msasa wa ZAPU umene unali pafupi ndi munda wace.