Mbiri ya mpira: chikho chomwe chinatsala pang'ono kupha Portsmouth

Anzanga, amene munayamba kuonera mpira posachedwapa mwina simukudziwa kuti Portsmouth inali timu yoopsa. Pa 17 May 2008, pa Wembley, Nwankwo Kanu anagoletsa chigoli chimodzi chokha pamasewero ndi Cardiff City, ndipo Portsmouth inatenga chikho cha FA koyamba chichokereni 1939. Mu November chaka chomwecho AC Milan ya Ronaldinho inabwera pa bwalo lawo la Fratton Park, n'kupulumukira mkamwa mwa mbuzi: inali kumbuyo 2-0, masewero anatha 2-2.

Koma ndalama zolipira akatswiriwo zinkachokera kuti? Fratton Park ndi kabwalo kolowa anthu pafupifupi 20,000 basi. Za pageti ndi za pa TV sizinkakwana malipiro a anthu ngati Jermain Defoe, Peter Crouch, Lassana Diarra ndi Glen Johnson. Chotsalacho chinali ngongole, ndiponso thumba la mwini timu, Alexandre Gaydamak. Thumba litatsekedwa, zonse zinaonekera poyera.

Anayamba kugulitsa. Diarra ku Real Madrid, Johnson ku Liverpool, Defoe ndi Crouch ku Tottenham. Dzenje silinakwiririke. M'miyezi yochepa chabe timu inadutsa m'manja mwa eni anayi, ndipo mmodzi mwa iwo, Ali al-Faraj, masapota sanamuonepo ndi tsiku limodzi pa bwalo. Tangoganizani, mwini timu wongomveka dzina! Malipiro ankachedwa mobwerezabwereza, bungwe lotolera misonkho la HMRC n'kukasuma kukhoti kuti kalabu itsekedwe.

Mu February 2010 Portsmouth inakhala timu yoyamba ya mu Premier League kulandidwa m'manja mwa eni ake n'kupatsidwa kwa akatswiri oyendetsa makampani ogwa. Ngongole inapezeka kuti yaposa mapaundi 100 miliyoni. Anailanda mapointi 9, inatuluka mu ligi. Chodabwitsa, anyamata omwewo anafikanso mu fainolo ya FA, Chelsea n'kuwagonjetsa 1-0 ndi chigoli cha Drogba.

Chimene chimandiwawa ine si za akatswiriwo ayi, iwo anapeza matimu ena. Pamndandanda wa odikira ndalama zawo panali masukulu, mabizinesi ang'onoang'ono a mumzinda, ngakhale a St John Ambulance othandiza ovulala pa bwalo. Malamulo a mpira ku England amati osewera ndi matimu ena ayambe alipidwa zonse. Enawa analandira nyenyeswa.

Mu 2012 zinabwerezanso: mapointi 10 kuchotsedwa, kutsikanso ligi. Nthawi imeneyo n'kuti Benjani Mwaruwari, wa ku Zimbabwe koma makolo ake ochokera ku Malawi, atabwererako kachiwiri. Nyengo itatha, osewera akuluakulu onse anachoka. Pofika 2013 timu inali mu League Two, ligi yachinayi.

Anaipulumutsa ndi masapota. Kudzera m'bungwe lawo la Pompey Supporters' Trust anasonkha mapaundi 1,000 pa sheya imodzi, ena kuphatikizana awiri atatu kuti akwanitse, ndipo mothandizana ndi amalonda ena okonda timuyi anaigula mu April 2013. Mu September 2014 analengeza kuti ngongole yatha.

Mu 2017 anatenga League Two, kenako masapota anavota kuti agulitse timu kwa Michael Eisner, yemwe kale anali bwana wa Disney. Ku Championship anabwererako mu 2024, patatha zaka 12.