Mmene zionetsero za maiko onse zinkagwiritsira ntchito zinthu zamakedzana

Zionetsero zikuluzikulu za maiko onse zomwe zinayamba ku Ulaya m'zaka za m'ma 1800 zimakumbukiridwa kwambiri kaamba ka makina, zitsulo ndi magetsi. Komatu pambali pa zinthu zatsopanozi, okonza zionetserozo ankamanganso nyumba, akachisi, misewu ndi zombo zofanizira zamakedzana. Cholinga chachikulu chinali chakuti mlendo aone kumene anthu anachokera, kenako aone makina, ndipo avomereze yekha kuti maiko a mafakitale ndiwo ali patsogolo.

Mchitidwewu unaonekera pa chionetsero choyamba cha mu 1851 mumzinda wa London ku Britain, chomwe chinachitikira m'chinyumba cha galasi ndi zitsulo chotchedwa Crystal Palace. Mkati mwake, katswiri wa zomangamanga Augustus Pugin anakonza chipinda cha mipando ndi ziwiya za m'tchalitchi zopangidwa motsanzira luso la zaka mazana angapo m'mbuyomo. Chinyumbachi atachisamutsira ku Sydenham n'kuchitsegulanso mu 1854, anaikamo zipinda zofanizira Egypt, Greece ndi Rome wakale, ndipo panja anaumba zifaniziro za nyama zikuluzikulu zomwe zinatha kalekale zotchedwa madayinoso.

Ku Paris m'dziko la France, pa chionetsero cha mu 1889, Charles Garnier anamanga nyumba 44 zosonyeza mbiri ya malo okhala anthu, kuyambira kumapanga. Nyumbazi zinandanda m'munsi mwa nsanja ya Eiffel, yotalika mamita 300, moti munthu akachoka paphanga n'kukweza maso ankaona chitsulo chikuloza kumwamba.

Maiko ankagwiritsanso ntchito zinthuzi polimbirana ulemu. Chionetsero cha ku Chicago m'dziko la America mu 1893 chinali chokumbukira kuti patha zaka 400 chifikireni Christopher Columbus kumeneko, ndipo dziko la Spain linatumiza zombo zitatu zofanana ndi zake. Anthu a ku Norway nawo anakhoma chombo chotsanzira cha makolo awo n'kuoloka nacho nyanja ya Atlantic, pofuna kukumbutsa dziko kuti makolo awowo ndiwo anayamba kufika ku America, Columbus asanabadwe.

Panalinso nkhani ya ndalama komanso kupukwa zakale. Mu 1900, Albert Robida anamanga "Paris wakale" m'mbali mwa mtsinje wa Seine, momwe munali masitolo, malo omwera ndi anthu ovala zovala zamakedzana. Izi zinachitika patangopita zaka makumi ochepa boma litagumula madera ambiri akale a mzindawu pofuna kulambula misewu ikuluikulu. Anthu ankalipira kuti aone chithunzithunzi cha zomwe zinagwetsedwa, koma chopanda uve, matenda ndi umphawi zomwe zinali m'maderawo.

Mbali yowawa ya mbiriyi ndi yokhudza anthu a m'maiko olamulidwa ndi atsamunda. Pa chionetsero cha mu 1889 chomwe chija, anthu ochokera ku Senegal ndi madera ena anaikidwa m'midzi yongomangira chionetserocho kuti alendo aziwaonerera. Poika anthu amoyo pamalo amodzi ndi mapanga ndi mabwinja, zionetserozi zinkaphunzitsa kuti mitundu ina ndi yotsalira, ganizo lomwe atsamunda ankadzilungamitsa nalo.

Zambiri mwa zomangazi zinali za matabwa ndi pulasitala, ndipo zinkagwetsedwa chionetsero chikatha. Zochepa zinapulumuka. Nyumba yachifumu ya Vajdahunyad, yomwe inamangidwa mongoyembekezera pa chionetsero cha ku Budapest m'dziko la Hungary mu 1896, inakondedwa kwambiri moti anaimanganso ndi miyala ndi njerwa. Chinyumba cha Crystal Palace chinapsa ndi moto mu 1936, koma zifaniziro za madayinoso zija zikadalipo pamalopo mpaka lero.