Ubweya ndi nthenga zomangira nyambo zopanga

Nyambo yopanga ndi mbedza yokulungidwa ndi ulusi, ubweya ndi nthenga kuti ifanane ndi kachirombo kapena kansomba. Pa Chingerezi luso lomanga nyambozi amalitcha fly tying. Nyamboyi imagwiritsidwa ntchito powedza nsomba zimene zimadya tizirombo ta m'madzi, makamaka trout. Khalidwe la nyambo m'madzi, kaya kuyandama kapena kumira, limadalira mtundu wa ubweya umene womangayo wasankha.

Mbiri

Wolemba wachiroma dzina lake Aelian, cha m'ma 200 AD, anafotokoza za asodzi a ku Macedonia amene ankakulunga mbedza ndi ubweya wofiira wa nkhosa n'kumangirirapo nthenga ziwiri za tambala. Ku Malawi usodzi wotere unabwera ndi atsamunda, pamene nsomba za rainbow trout zinafika m'dziko muno mu 1906. Nsombazi zimafuna madzi ozizira, n'chifukwa chake zimapezeka m'malo okwera monga pa phiri la Zomba ndi m'madamu a Chelinda ku Nyika.

Ubweya wa nkhosa zakutchire

Nkhosa zakutchire zilipo zamitundu ingapo: bighorn ndi Dall za ku North America, mouflon ya ku Ulaya ndi kumadzulo kwa Asia, ndiponso argali ya m'mapiri a pakati pa Asia. Ubweya wake wakunja ndi wokhuthala ndipo uli ndi timipata ta mpweya m'kati, mofanana ndi wa mbawala za kumaiko ozizira. Ukamangidwa ndi ulusi umatambasuka, ndipo nyambo imayandama. Vuto lake n'lakuti umathothoka msanga.

Ku Malawi kulibe nkhosa zakutchire. Mu Africa nyama yoyandikira kwambiri ndi aoudad ya m'mapiri a kumpoto kwa Africa. Malonda a zikopa za aoudad ndi argali amayendetsedwa ndi pangano la CITES, limene Malawi analowamo mu 1982, choncho kuitanitsa ubweya wake kumafuna chilolezo.

Chinkhoma

Kum'mwera kwa Africa, nyama imene ubweya wake umagwira ntchito yofananayo ndi chinkhoma, kambawala kokhala m'matanthwe. Ubweya wake ndi wamphako ndiponso wopepuka. Nyambo yotchuka ya ku South Africa yotchedwa DDD, imene inatchuka kudzera mwa Tom Sutcliffe, imamangidwa ndi ubweya umenewu. Komabe ku Malawi nyama zakutchire zimatetezedwa ndi lamulo la National Parks and Wildlife Act la 1992, limene linakhwimitsidwa mu 2017. Kupha chinkhoma kapena kusunga chikopa chake popanda chilolezo ndi mlandu.

Zolowa m'malo zopezeka ku Dedza

Boma la Dedza lili pamalo okwera ndi ozizira, ndipo phiri la Dedza ndi lalitali pafupifupi mamita 2,200. Anthu ambiri kumeneko amaweta mbuzi, nkhosa, nkhuku, nkhanga ndi akalulu, ndipo ziweto zimenezi zimapereka zambiri zimene womanga nyambo amafuna.

Nkhosa zachikuda zili ndi ubweya waufupi wolimba, osati wofewa ngati wa merino. Umakwanira kupangira mchira kapena mapiko a nyambo, koma suyandama bwino. Ubweya wautali wa mbuzi, makamaka wa kundevu ndi kumsana, ndi woyenera nyambo zofanana ndi tinsomba. Ubweya wa kalulu umanyowa msanga, motero umapotedwa pa ulusi popanga thupi la nyambo yomira. Nthenga za pakhosi pa tambala zikazunguliridwa pa mbedza zimaimirira ngati miyendo ya kachirombo, pamene za nkhanga, chifukwa cha mawangamawanga ake, zimapangira miyendo ndi mapiko.

Palinso zinthu zosachokera ku nyama. Ulusi wolukira majuzi umapanga thupi, kachidutswa ka patapata wakale kamathandiza nyambo kuyandama, ndipo waya wopyapyala wa kopa wochokera m'mawailesi owonongeka umailemeretsa kuti imire. Njira ya waya wa kopa inatchuka ndi Frank Sawyer wa ku England, amene anaigwiritsa ntchito pa nyambo yake ya Pheasant Tail Nymph.

Kukonza ndi kusunga

Chikopa chatsopano amachipala mafuta onse, n'kuchithira mchere ndi kuchiyanika pamthunzi mpaka chiume. Kenaka amachichapa ndi sopo n'kuchiumitsanso. Nthenga ndi ubweya zimasungidwa m'mabotolo kapena m'mapepala apulasitiki otsekeka bwino poopa njenjete. Chikopa cha nyama yofa yokha sichiyenera kugwiritsidwa ntchito, chifukwa matenda ngati anthrax amatha kufala kudzera m'zikopa ndi ubweya. Chimodzimodzinso nthenga za nkhuku zofa ndi chitopa, zimene zingathe kufalitsa matendawa ku nkhuku zina.