Msewu wa Trail Ridge: Anasamala Ndere, Nanga Eni Njira?

M'chigawo cha Colorado ku America muli msewu wotchedwa Trail Ridge, umene umadutsa m'malo otetezedwa a Rocky Mountain National Park. Ndi wautali makilomita 77 kuchokera ku Estes Park kukafika ku Grand Lake, ndipo umakwera mpaka mamita 3,713, kupitirira pamene mitengo imalekezera kumera. Chaka chilichonse umatsekedwa kuyambira cha mu Okutobala mpaka kumapeto kwa Meyi chifukwa cha chipale chofewa.

Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1915. Msewu wa Fall River, umene unatsegulidwa mu 1920, unali wopapatiza, wotsetsereka kwambiri komanso wokhotakhota, moti magalimoto ankavutika kukwera. Ntchito yomanga msewu watsopano inayamba mu 1929, ndipo unafika pa Fall River Pass mu 1932. Chifukwa cha kuzizira, amisiri ankagwira ntchito pafupifupi miyezi inayi yokha pachaka. Ankasamala kwambiri chilengedwe, moti miyala ina imene anasuntha ankaiikanso mbali ya ndere itayang'ana kumwamba kuti malo asaoneke osokonezeka.

Koma njirayi sanaiyambe ndi amisiriwo. Anthu a mitundu ya Ute ndi Arapaho ankadutsa pamtunda umenewu kalekale posaka nyama. Pamene msewu unkamangidwa, n'kuti boma litawachotsa kale: Aarapaho ena anakhazikikitsidwa ku Wind River, ku Wyoming, mu 1878, ndipo Aute ambiri anathamangitsiridwa ku Utah mu 1881.

Mu 1914, anthu amene ankalimbikitsa zokhazikitsa pakiyi anaitana nkhalamba ziwiri zachiarapaho, Gun Griswold ndi Sherman Sage, kuti adzatchule maina akale a mapiri ndi zigwa. Iwo anati njirayi inkatchedwa ndi dzina lotanthauza pamene ana ankayenda pansi, chifukwa inali yokwera kwambiri moti ana ankatsitsidwa kuti ayende okha. Maina analembedwa, nkhalambazo n'kubwerera ku Wyoming.

Ine sindikunyoza luso la amisiri aja. Kuteteza zomera zimene zimatenga zaka zambiri kuti zimerenso n'chinthu chanzeru. Chimene chimandivuta n'chakuti boma lomwelo limene linaopa kutembenuza mwala silinaope kusamutsa mtundu wa anthu. Mlendo woima pamwambapo lero amaona ngati dzikolo silinakhalepo ndi mwini, chonsecho galimoto yake yadutsa m'mapazi a ana aja.