Phazi Limene Linasanduka "Ayi"

Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. M'chaka cha 1902, ansembe a chipani cha White Fathers, chimene Kadinala Charles Lavigerie anayambitsa ku Algiers mu 1868, anamanga mishoni ku Mua, m'dera la Inkosi Kachindamoto. Ambiri a chipanichi ankayankhula Chifalansa, ndipo mbiri ya chiyankhulo chawocho ili ndi phunziro kwa adzukulu a ku Golomoti ndi ku Mtakataka.

Chifalansa ndi mwana wa Chilatini. Mroma pofuna kunena kuti "sindinena" ankati non dico. M'kupita kwa zaka, non anafupika n'kukhala ne, kamawu kosamveka bwino m'khutu. Pofuna kutsindika, anthu anayamba kuwonjezera mawu a tinthu tating'ono: pas, kutanthauza kuponda phazi kamodzi, goutte, dontho, mie, kanyenyeswa ka buledi. Munthu ankati sayenda ngakhale phazi limodzi, samwa ngakhale dontho. Pofika m'zaka za m'ma 1600, ne ndi pas anali atakhazikika ngati mapasa. Lero pocheza Afalansa ambiri amameza ne n'kungoti je dis pas. Phazi lija lasanduka "ayi". Katswiri wa ku Denmark, Otto Jespersen, anafotokoza kusinthaku mu 1917.

Alowam'malo nawonso anasintha. M'Chilatini, canto, cantas ndi cantat ndiko kuti ndimayimba, umayimba, amayimba. Mathero a mneni ndiwo ankaulula woyimbayo. M'Chifalansa matherowo anazilala m'kamwa, kotero kuti chante, chantes ndi chante amamveka chimodzimodzi. Choncho je, tu ndi il, amene kale ankatha kusiyidwa, anakhala osasiyika. Je anafowokanso, moti wotsindika amati moi, je chante, monga Mchewa anenera kuti "ine ndimayimba".

Kodi zoterezi n'zakutali? Mchewa amakana ndi "si" kumayambiriro kwa mneni, monga m'mwambi woti madzi saiwala khwawa. Koma akafuna kulimbitsa amati "sindikufuna ayi", kapena "sindinalawe n'komwe". Mtumbuka alibe "si" wotereyu. Iye amati nkhukhumba chara kapena nkhukhumba yayi, kukana konse kuli kumapeto, monga kwa Mfalansa wa lero.

Pali kusiyana pakati pa kusintha ndi kufa kwa chiyankhulo. Angoni a Maseko atakhazikika pakati pa Achewa, ana awo anayamwira Chichewa cha amayi awo, ndipo Chingoni chinatsala makamaka m'nyimbo za ngoma ndi m'ziwongo. Chilatini sichinafe motero. Chinasintha mawanga m'kamwa mwa ana amene sanaleke kuchiyankhula. Agogo odandaula ndi kayankhulidwe ka adzukulu aziopa kwambiri tsiku limene mdzukulu adzalephere kuwayankha m'Chichewa n'komwe.