Mphatso za Fröbel: Mmene Timatabwa Tinalowera M'kalasi

Mwana wamng'ono amadziwa kuti lalanje limagubuduka ndiponso kuti njerwa imakhala pamene yaikidwa, asanamve n'komwe mawu akuti masamu. Munthu amene anasandutsa nzeru imeneyi kukhala maziko a sukulu za mkaka anali Friedrich Fröbel, amene anabadwa m'chaka cha 1782 m'mudzi wa Oberweissbach, m'dera la Thuringia ku Germany.

Mayi ake anamwalira iye asanakwanitse chaka chimodzi, ndipo anakula wosungulumwa. Atayesa ntchito zingapo, anasankha uphunzitsi, nakakhala zaka ziwiri, kuyambira 1808, pa sukulu ya Pestalozzi ku Yverdon m'dziko la Switzerland. Koma chimene chinaumba maganizo ake kwambiri chinali ntchito ina imene sinkakhudza ana mpang'ono pomwe. Kuyambira 1814 mpaka 1816 ankagwira ntchito m'nyumba yosungiramo miyala ya m'migodi ku Berlin, pansi pa katswiri wotchedwa Christian Samuel Weiss. Kumeneko ankasanja miyala yonyezimira imene imakula yokha ndi mbali zosalala ndi ngodya zolongosoka, monga momwe kambulu ka mchere kamaonekera ngati kabokosi munthu akakayang'anitsitsa. Fröbel anakhulupirira kuti chilengedwe chonse chili ndi dongosolo lotere, ndi kuti mwana angathe kulizindikira ndi manja ake.

Mu 1837 anatsegula malo osewerera ana ku Bad Blankenburg, ndipo mu 1840 anawatcha Kindergarten, kutanthauza munda wa ana. Zipangizo zimene anakonza anazitcha mphatso, ndipo zinkaperekedwa motsatana. Mphatso yoyamba inali timipira tofewa 6 ta ulusi, ta mitundu yosiyana. Yachitatu inali kabokosi ka mtengo kodulidwa m'tizidutswa 8 tofanana, toti mwana amwaze n'kusonkhanitsanso, kapena amangire mpando ndi nyumba.

Yachiwiri ndiyo inali ndi nzeru zakuya kuposa zonse. Munali zinthu zitatu za mtengo: mpira wolimba, kabokosi ka mbali 6 zofanana kamene a masamu amati kiyubu, ndi kachipika kobulungira ngati chitini, kotchedwa silinda. Mpira umagubuduka ndipo ulibe ngodya. Kiyubu sagubuduka, ali ndi ngodya 8. Silinda amayanjanitsa ziwirizo, pakuti akamugoneka amagubuduka, akamuimika amakhazikika. Kenaka mphunzitsi ankapachika kiyubu pa chingwe n'kumuzunguza mwamphamvu, ndipo ngodya zake zinkazimirira m'maso mwa ana, n'kuoneka ngati silinda. Silinda naye akamuzunguza chopingasa, pakati pake pankaoneka mpira. Mwana wa zaka zinayi sakanatha kufotokoza zimenezi, koma anali ataziona ndi kuzigwira. Maina ankabwera pambuyo, ndipo apa m'pamene Fröbel anasiyana ndi aphunzitsi ambiri a nthawi yake, amene ankayamba ndi kuloweza.

N'zodabwitsa kuti timatabwa totere tinaopsa boma. Mu 1851 boma la Prussia linaletsa sukulu zonse za Kindergarten, ponena kuti zikufalitsa sosholizimu ndi kukana Mulungu. Akuluakuluwo anasokoneza Friedrich ndi Karl Fröbel, mwana wa m'bale wake, amene anali ndi maganizo okhwima pa ndale. Chonsecho nkhalambayo inali yopembedza kwambiri. Anayesa kudandaula, koma osamveka. Anamwalira mu June 1852 ntchito yake ili yoletsedwa, ndipo chiletsocho chinachotsedwa mu 1860.

Amayi amene anawaphunzitsa ndiwo anapulumutsa ntchitoyo. Bertha von Marenholtz-Bülow anaifalitsa m'maiko a ku Ulaya, ndipo Margarethe Schurz anatsegula sukulu yotere ku Watertown, m'chigawo cha Wisconsin ku America, mu 1856. Mu 1876 mayi wina anaona timatabwa ta Fröbel pa chionetsero cha ku Philadelphia, nagulira mwana wake. Mwanayo anali Frank Lloyd Wright, amene anadzatchuka pa luso lojambula mapulani a nyumba, ndipo atakalamba ankanenabe kuti timatabwato tinamuphunzitsa kuona maonekedwe a zinthu.

Pa manda a Fröbel ku Schweina anaimikapo miyala itatu yosanjikiza: kiyubu pansi, silinda pakati, mpira pamwamba.